Mutu 6: Oyilo wa Atate

1. Kachete

Ana a m'mudzi wa Chikoleka ndiwo anakapatsa dzina kagalimoto kaja. Anakatcha Kachete, chifukwa kankafika pakhomo nkhuku zisanadziwe n'komwe. Kanali ndi matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi bodi yonyamulira katundu. Sikankamwa petulo kapena dizilo. Kankayendera magetsi a dzuwa, amene ankasungidwa m'mabatire pa shedi ya kuseri kwa tchalitchi.

Eni ake anali amayi a gulu lolima madimba. Woyendetsa anali Dorika Mvula, mtsikana wa mawu ochepa amene anali atangomaliza Giredi 12. Amayiwo anamusankha chifukwa sankathamangira zinthu, ndipo anamutumiza ku Katete kukaphunzira kwa a Sankhani Mbewe, makaniko wodziwa galimoto zamagetsi.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanasangalale tsiku limene Kachete kanafika. Anali atate ake a Dorika, a Fackson Mvula. Zaka zonse m'mbuyomo, matimati a amayiwo ankapita ku msewu wa tala pa ngolo yawo, yokokedwa ndi ng'ombe zawo ziwiri, Sitima ndi Bulaki. Tsopano ngoloyo inkangotuta manyowa ndi nkhuni.

A Fackson sanakalipe. Anakonza malo m'chisakasa chawo kuti Kachete kazigona pambali pa ngolo, basi. Koma dzina la kagalimotoko silinatulukepo pakamwa pawo. Dorika akamanyamuka m'mawa, iwo ankakhala ali kukhola. Akamabwera madzulo, iwo ankayang'ana kumbali. Nayenso Dorika sankawauza chilichonse cha zimene anaphunzira ku Katete. Ankaopa kutosa chilonda.

2. "Kakulira"

Madzulo ena m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litawotcha tsiku lonse, Dorika analowetsa Kachete m'chisakasa n'kuzimitsa. Atate ake anali atakhala pa chitsa pafupi, akufewetsa chingwe chachikopa cha goli.

"Dorika," anaitana osadzutsa mutu.

"Wawa, atate." Anapita n'kugwada chapatali pang'ono.

"Kagalimoto kakoka kakulira."

Dorika anayang'ana pansi. Aka kanali koyamba kuti atate ake alankhule za Kachete, ndiponso anati "kako".

"Ine ndakalamba ndi matayala, mwanawe," anapitiriza a Fackson. "Tayala silinama. Likayamba kulira ndiye kuti lili ndi ludzu, ndipo ukalinyalanyaza limayamba kudya chitsulo chake chomwe. Atate anga ankati ng'ombe uziimwetsa isanakupemphe, ngolo uziidzoza isanakulilire. Kagalimoto kakoka ndakamva kuyambira uko ku mlatho. Kakulira mopyapyala ngati udzudzu. Kulira kumeneko sikwabwino ayi. Tsiku lina kadzakusiya pakati pa tchire uli wekha ndi katundu wa eni ake. Njira ya ku tala ili ndi anthu amitundumitundu. Ine mtima wanga sungakhale m'malo."

Dorika ankadziwa bwino kuti kaphokoso kaja si matenda. A Sankhani anamuuza tsiku loyamba kuti mota yamagetsi imalira choncho ikakhala bwino. Mawuwo anafika pakhosi. Koma atayang'ana manja a atate ake akupotapota chingwe chija, anawameza.

"Inde, atate," anatero.

A Fackson anagwedeza mutu ngati munthu amene wagwirizana chinthu ndi mnzake. Madzulo amenewo anadya bwino, mpaka anafunsa ngati Kachete kamakwera bwino chitunda cha pa mlatho katasenza.

3. Dontho Lakuda

Tsiku lotsatira linali la matimati. Lole ya wogula wochokera ku Lusaka inkaima pa tala m'mawa, ndipo sinkadikira munthu.

Dorika anatuluka kum'mawa kutangoyera, makiyi ali m'manja. Monga anaphunzitsidwira, sanakwere msanga. Anazungulira kagalimotoko, n'kugogoda matayala, kenako n'kuwerama kuyang'ana kunsi.

Pansi, pakati pa matayala akumbuyo, panali dontho lakuda. Analikhudza ndi chala n'kununkhiza. Linkamveka fungo la kuchigayo.

Atadzuka anaona zina. Pakona panali beseni lovundikiridwa ndi mbale. Atavundukula anapeza oyilo woyera, wopepuka, uja wa m'Kachete. Pambali pake panali chigubu chopanda kanthu, fanelo, ndi kansalu koyera kamene pakati pake panali patada bii. Anakazindikira kansaluko. Kanali kampango kamene atate ake ankaika m'thumba la jekete popita kutchalitchi.

"Wadzuka?"

A Fackson anali ataima pakhomo la chisakasa, sipanala ili m'manja. Manja awo anali akuda mpaka m'zigongono, ndipo ankamwetulira mwa njira imene Dorika anali asanaione kwa miyezi yambiri.

"Ndakamwetsa," anatero. "Anthu aja anakunamizani, mwanawe. Nditatsegula ndapeza oyilo wake ngati tiyi wopanda masamba. Chitsulo chingakhute chimenecho? Ndamukhetsa yense. Ndathiramo wathu wakuchigayo, wamphamvu, yemwe uja timadzozera ngolo. Usaope zinyalala, ndasefa bwinobwino. Lero ukamva wekha, kakhala chete ngati dzina lake."

Sanadikire kuthokozedwa. Anaika sipanala pa ngolo n'kupita kukhola akuimba nyimbo yamumtima.

Dorika anatsala ataima, makiyi ali m'dzanja.

4. Mawu a a Sankhani, Mawu a Amayi

Anapita kuseri kwa nkhokwe kumene foni inkagwira bwino, n'kuimbira a Sankhani. Anawafotokozera zonse.

"Wayatsa?" anafunsa a Sankhani mwachangu.

"Ayi."

"Wakankha?"

"Ayi, kali pomwe kanagona."

"Mulungu ni wabwino. Manje mvera, Dorika, mvera bwino. Oyilo wa m'kagalimoto ako ali na nchito ziwiri. Yoyamba, amafewetsa magiya kuti asadyane. Yachiwiri, amadutsa m'kati mwenimweni mwa mota, muja muli mawaya a kopa, kuchotsa kutentha. N'chifukwa chake ni wopepuka, kuti azithamanga mu tinjira ting'onoting'ono. Ndiponso anapangidwa kuti magetsi asamayende mwa iye. Manje wakuda uja watuluka mu injini ya dizilo. Muli mwaye, muli tizitsulo tosaoneka na maso, mwina na madzi. Olo usefe na nsalu ya bwanji, sivichoka. Ukayatsa, pampu izamutenga na kumuthira pa mawaya. Mwina ku tala uzafika, kapena na mawa uzayenda. Koma mota izayamba kupsa m'kati mwakachetechete, ndipo tsiku izaima, izaimiratu. Mota ya so siipezeka mu Katete, olo ku Chipata. Usayatse. Nibwera masana na njinga."

Foni itaduka, Dorika anapeza amayi ake, a Fyness, ataima kumbuyo kwake ndi ndowa m'manja. Anali atamva zonse.

"Mayo ine," ananong'ona. Anaika ndowa pansi n'kuyang'ana kukhola. "Bambowa adzuka tambala asanalire chifukwa cha iwe. Wawaona nkhope yawo?"

"Ndawaona."

"Ndiye tamvera. Makanikoyo wanena yekha kuti ku tala ukhoza kufika. Pita ulendo umodzi wokhawu, matimati a anthu akwere lole. Masana abwere akonze, nkhani ithere pakhomo pano."

"Amayi, anena kuti mota ipsa."

"Chabwino, usapite. Koma ukanene kuti batire silinadzaze. Ndani angakutsutse? Iwe sudziwa pakamwa pa amayi a kudimba. Munthu wamkulu ngati atate akowa adzasanduka nyimbo ya pachitsime. Ntchito ya ngolo anawalanda kale, ndiye uwavulenso ulemu? Mwana amafunditsa kholo lake, salivula pagulu."

Kukhola kunkamveka mawu a atate ake akuitana Bulaki.

"Ndikanama za batire, amayiwo akakangana ndi anthu a sola, osamala mabatire aja, popanda chifukwa," anatero Dorika pang'onopang'ono. "Ndipo atate adzathiranso tsiku lina, poganiza kuti anandithandiza."

Anaika makiyi m'thumba la siketi n'kulunjika kukhola.

5. Kukhola

A Fackson anali akuchotsa mitengo yotsekera pakhomo la khola. Dorika anagwada pa udzu wouma.

"Sunapite? Lole ikusiya."

"Atate, sindikayatsa lero."

"Chifukwa?"

Anawauza. Anayamba ndi mawu otsika kwambiri moti iwo anachita kuwerama kuti amve. Anafotokoza za mawaya a m'kati mwa mota, za oyilo wopepuka amene amaziziritsa, ndi za mwaye umene nsalu singaugwire. Pomaliza ananena kuti kaphokoso kaja ndi kachibadwa.

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. A Fackson anayang'ana manja awo akuda, kuseri ndi kutsogolo.

"Ndiye kuti manja angawa aononga chinthu cha eni ake?"

"Simunaononge, atate. Sindinayatse. A Sankhani akuti atsukamo."

"Unkadziwa kuti kulira kuja si ludzu?"

"Ndinkadziwa."

"Dzulo ndinakuuza kuti kakulira. Iwe unati, inde atate."

Dorika anawerama. Misozi inagwera pa maondo ake.

"Kudimba ukanena chiyani?"

"Zoona, atate. Koma ndimafuna muyambe mwamva ndinu."

A Fackson anatembenuka n'kugwira nyanga ya Sitima. Anakhala choncho, msana ataulozetsa kwa mwana wawo.

"Pita," anatero. "Anthu akudikira."

6. Kudimba

Amayi anali ataunjika kale makireti a matimati m'mbali mwa njira. Ataona Dorika akubwera wapansi, macheza anatha.

"Nanga galimoto waimeza?" anafunsa a Kettie, mayi wa mawu okuluwika amene dimba lake linali lalikulu kuposa onse.

Dorika anapita kwa wapampando wa gulu, mayi Adelina Sakala, n'kuwapatsa moni mwaulemu. Kenako ananena zonse monga zinachitikira, osachotsa kapena kuwonjezera.

Wina anaseka, ena n'kutsatira.

"A Mvula amayesa ndi ngolo!"

"Mwayi sanakamangirire goli!"

Koma a Kettie sanaseke. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kuima pakati.

"Inu mukuseka? Matimati awa apsa, mawa ndi madzi okhaokha. Ndipo ine ndinanena kale kuti kagalimoto kasamagone pakhomo pa munthu amene tinamulanda ntchito. Mukuti ndi ngozi imeneyi? Achita dala bambo amene aja, kuti tibwerere ku ngolo yawo!"

Ena anayamba kung'ung'udza movomereza. Dorika, amene kusukulu aphunzitsi ankachita kumupempha kuti akweze mawu, anaimirira.

"Ayi, amayi!"

Onse anatembenuka.

"Atate anasefa oyilo ameneyo ndi mpango wawo wa kutchalitchi. Woyera uja anamusunga m'beseni n'kuvundikira kuti musagwe fumbi. Munthu wofuna kuononga sasefa. Anamva kaphokoso, anaopa kuti kadzandifera m'tchire ndili ndekha. Anandiuza dzulo, ine n'kuvomera chifukwa cha manyazi, pamene ndinkadziwa. Ngati mukufuna wolakwa, yambani ndi ine."

Mayi Adelina anamuyang'ana nthawi yaitali, koma asanayankhe kunamveka kulira kwa matayala ndi mkwapulo kumtunda kwa njira.

Inali ngolo. A Fackson anaimitsa Sitima ndi Bulaki pafupi ndi makireti, n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero. Ananyamula kireti yoyamba n'kuikweza.

Amayi anayang'anana. Mayi Adelina ananyamula yachiwiri. Posakhalitsa onse anali pa ntchito, ndi a Kettie omwe, ngakhale pakamwa pawo sipanatseke.

Koma ng'ombe ndi ng'ombe. Pamene ankafika ku tala dzuwa linali litakwera, ndipo pamalo pa lole panali zizindikiro zokha za matayala ake m'fumbi. Amayi anayala matimati m'mbali mwa msewu n'kumaimitsa mabasi opita ku Sinda ndi ku Chipata. Ena anagulidwa motchipa. Ambiri anabwerera kumudzi pa ngolo yomweyo, atayamba kufewa. Pobwerera palibe amene anaseka.

7. Pansi pa Kachete

A Sankhani anafika masana pa njinga yamoto, atamangirira zigubu ziwiri kumbuyo. Anali bambo wamfupi wa imvi m'ndevu. Anapereka moni kwa a Fackson ndi manja awiri, ngati palibe chimene chachitika, n'kuyala thumba pansi pa kagalimotoko.

"Nifuna munthu wonigwirira beseni," anatero.

Dorika anasuntha, koma atate ake anali atagwada kale.

A Sankhani anakoka sipanala, n'kukokanso. "Ah, madala! Bawuti iyi munamanga ndimwe? Anyamata anga ku galaja samanga so."

"Bawuti yomasuka imapha ng'ombe pa chitunda," anayankha a Fackson motsitsa.

Oyilo wakuda anayamba kutsika m'beseni, wolemera ngati uchi. Atatha kudontha, a Sankhani anathira woyera pang'ono kuti atsuke m'kati, n'kumukhetsanso. Anatuluka wotuwa. Anabwereza, ndipo anatuluka woyererako.

A Fackson anaviika chala m'chigubu cha oyilo watsopano, n'kumutikita pakati pa zala.

"Koma zoona kamadzi aka kangateteze chitsulo?"

"Funsani mwana wanu," anatero a Sankhani ali chigonere pansi. "Anapambana anyamata onse amene n'naphunzitsa."

A Fackson anatembenukira kwa Dorika. Iye anagwada pambali pawo, n'kuloza ndi chala pamene pali mota, pamene pali magiya, ndi kapaipi kamene oyilo amadutsamo popita kukazizira. Poyamba ankalankhula ngati akuyankha mayeso. Atate ake atafunsa funso lachiwiri, ndi lachitatu, mawu ake anamasuka.

"Ndiye kuti oyilo ameneyu ali ngati thukuta," anatero a Fackson pomaliza. "Ng'ombe ikamakoka imatentha m'kati. Kopanda potulukira kutenthako, imagwa."

"Ndi momwemo, atate."

A Sankhani anatuluka n'kudzipukuta m'manja. Anati oyilo amene anabwera naye wathera kutsukira, ndipo uja wa m'beseni sangabwererenso m'mota poti wakhala pamtunda. Oyilo wina ayenera kuchokera ku Chipata. Kufikira atabwera naye, Kachete kasayatsidwe.

"Uyu wakuda musataye, madala," anawonjezera akukweza njinga. "Ngolo yanu ilibe mawaya. Izakondwera."

Njinga itapita, bambo ndi mwana anatsala awiri m'chisakasa. A Fackson anakhala pa mpini wa ngolo.

"Khala apa, Dorika. M'mawa mtima unandipweteka, sindibisa. Koma ndakhala ndikuganiza njira yonse ya ku tala. Ife tinakuphunzitsa kugwada, tinakuphunzitsa kuti mwana sayankha akulu. Sitinalakwe. Koma pali 'inde' wina amene ali ngati dzenje lofotseredwa ndi udzu. Mkulu amapondapo akuyesa ndi njira. Ukadandiuza dzulo, ndikadachita manyazi pamaso pa iwe wekha, pano m'chisakasa. Lero ndachita manyazi pamaso pa mudzi, ndipo matimati a anthu aonongeka. Tinakutumiza kusukulu kuti ukaone zimene ife sitinaone. Ndiye ukaziona n'kuzitsekera m'kamwa, tapindula chiyani? Ukaona kholo lako likulowera kolakwika, gwada, tsitsa mawu, koma nena. Ulemu wake ndi umenewo. M'mawa uja kukhola unandilemekeza kuposa dzulo."

Anatambasula dzanja kuti amugwire pamutu, koma ataona kuda kwake analibweza. Dorika analigwira dzanjalo ndi manja ake awiri n'kuliika pamutu pake.

8. Makiyi

Dzuwa litapendeka kunamveka "Odi!" pabwalo. Anali mayi Adelina. A Fyness anawayalira mphasa, ndipo atapatsana moni mlendoyo sanazungulire.

"Dorika mwana wanga, lero wanena zoona pamene bodza linali pafupi. Ine ndaona, ndipo sindidzaiwala. Koma gulu si ine ndekha. Amayi ataya matimati, mitima ili m'mwamba. A Kettie akuti kagalimoto kachoke pakhomo pano, ndipo woyendetsa akhale mwana wawo Evans. Ena akuwavomereza. Tikumana Lachinayi tikatuluka m'mapemphero a amayi. Kufikira tsikulo, makiyi akhale ndi ine."

Dorika anapisa m'thumba. Anagwada n'kupereka makiyiwo ndi manja awiri. Sanalire, koma a Fyness anatembenukira kukhoma.

Mayi Adelina anamanga makiyi pa mfundo ya chitenje n'kuyamba kutsanzika.

"Lachinayilo mukumana nthawi yanji?" anafunsa a Fackson.

"Masana. Bwanji, a Mvula?"

"Ndibwera."

Mayi Adelina anaima. "Kumsonkhano wa amayi? Chiyambire gulu lathu simunalowepo mwamuna. Ngakhale abusa amatidikira panja. Ndipo a Kettie mukuwadziwa, sadzakusiyirani khungu."

"Adzanene zonse, ndi matimati awo. Koma oyilo ndinathira ndine, ndipo amayiwo sanamvebe pakamwa panga. Mwanayu asaweruzidwe ine ndili kukhola."

"Kulibe mpando wa abambo kumeneko."

"Ndidzakhala pamphasa," anatero a Fackson.

Mayi Adelina anayang'ana bamboyo, n'kuyang'ana Dorika, kenako anapukusa mutu akumwetulira pang'ono.

"Ndikawafunsa amayi ngati angakuloleni kulowa. Sindikulonjeza."

Atatuluka pabwalo, mayi Adelina sanalowere njira ya kwawo. Dorika anawaona akukhotera kumanzere, kunyumba ya a Kettie, kumene Evans anali atakhala kale pakhonde ndi anzake, akuwaonetsa ndi manja m'mene amagwirira chiwongolero.